Tsiku Limene Thupi la Sophie Linazizira

Sophie anali ndi pakati pa miyezi isanu ndi itatu pamene thupi linamutentha mwadzidzidzi. Mutu unkamuwawa kuseri kwa maso, msana ndi miyendo zikuphwanya ngati wamenyedwa ndi mpini. Mkulu wake Mainess, amene ankagulitsa tomato ndi ndiwo za repu pamsika wa m'komboni ya George, anavundikira katundu wake ndi saka n'kupita naye kukiliniki.

Mu George monse munalibe amene sankadziwa kuti Mainess ndi wa mtima wapachala. Makolo awo atamwalira kwawo ku Katete, iye ndiye analera Sophie, kumuphunzitsa ndi malonda a tomato omwewo mpaka kumukwatitsa. Kukhudza Sophie kunali kumutosa Mainess m'diso. Ndiye chaka chimenecho zinthu zinali zitathina. Ufa unkakwera mtengo, wakale usanathe m'thumba, magetsi ankazima tsiku lonse, madzi pampopi wa pakiyosiki ankatuluka tsiku limene afuna okha. Ngakhale munthu wofatsa ankayankha mokalipa, nanga kuli bwanji Mainess.

Kukiliniki anakhala pamzere mpaka dzuwa kufika pamutu. Nesi anabaya Sophie pachala, nadikira pang'ono, kenaka anati, "Malungo sanapezeke. Koma kutentha kotere si kwabwino kwa munthu wa mimba. Amwe panado chabe, azimwa madzi ambiri, mawa kuseni mubwele naye timupime magazi. Manje mvelani bwino, mukaona..."

"Panado?" Mainess anamudula mawu. "Munthu atentha monga mbaula, imwe muti panado? Kambani chabe kuti mankhwala yanasila, osati kutinamiza."

"Amai, lekani nisilize kukamba."

"Tamva kale. Tiye, Sophie."

Anamukoka dzanja n'kutuluka, nesi akulankhulabe kumbuyo. N'zoona kuti mankhwala ankasowa masiku amenewo, ndipo Mainess anali atabwezedwapo chimanjamanja. Koma tsiku limeneli nesi sankanama. Panjira Mainess analowa m'kasitolo ka mankhwala n'kunena kuti akufuna amphamvu a kuphwanya kwa thupi. Anam'patsa bulufeni, timapiritsi tapinki tija, osafunsa n'komwe kuti wokamwayo ndani.

Pakhomo anapeza Fabian, mwamuna wa Sophie, akudikira. Ankakhala m'bwalo limodzi la nyumba za lendi, chitseko cha Mainess apa, cha Sophie apo. Fabian anali wowotcherera zitsulo, koma magetsi atayamba kuvuta ntchito inafa, ndiye anakalowa yothandiza dalaivala pa lole yopita ku Dar es Salaam. Ulendo womaliza anabwerako akunjenjemera, nagona m'nyumba masiku angapo akudandaula mafupa, mpaka anachira yekha. Ena anaiwala za kudwala kumeneko. Mainess sanaiwale.

"Ba mulamu, akamba chani ku kiliniki?" anafunsa Fabian.

"Akamba vopusa. Mankhwala nagula neka, pakuti amuna bena amaziba chabe kupatsa mimba."

Fabian anagwira Sophie padzanja n'kumulowetsa m'nyumba. Anali munthu wosachuluka mawu, ndipo kufatsa kwake n'kumene kunkamunyansa Mainess kwambiri. Mumtima ankati munthu wachete chonchi ali ndi zimene akubisa.

M'mawa mwake Sophie anakumbutsa kuti nesi anati abwerere. Fabian anali atavala kale nsapato kuti amuperekeze. Mainess anakana kwamtuwagalu. Anati sangakokere munthu wodwala pamzere wa dzuwa kuti akamve za panado kachiwiri, pomwe mankhwala enieni ali m'nyumba. Mapiritsi aja ankaziziritsadi thupi kwa kanthawi, likatenthanso Mainess n'kuwonjezera ena. Anapitiriza chomwecho mpaka tsiku lina m'mawa anagwira Sophie pamphumi n'kupeza pali zii.

Pamenepo ndiye Mainess anayenda monyang'wa bwalo lonse. "Mwaona? Tikanamvela ba nesi sembe tikali kulila. Wapola mwana wanga." Ananyamula dengu n'kupita kumsika, mtima uli m'malo kwa nthawi yoyamba sabata imeneyo.

Sanakhalitseko. Dzuwa lisanafike pamutu Fabian anamuimbira foni kuti abwere msanga. Mainess anathamanga, n'kupeza Sophie atadzipinda pamatiresi, atagwira pamimba m'munsi mwa nthiti. Anali atasanza kangapo. Manja ake anali ozizira ndi onyowa thukuta, m'nkhama mukutuluka magazi. Mainess atamutembenuza anaona kuti chitenje nachonso chafiira kumbuyo.

"Mwana sakusuntha monga masiku onse, ba sisi," anatero Sophie motsitsa mawu.

Fabian anathamangira kumsewu kukafuna takisi. Mainess anatsala ataimirira, ali ndi mantha, ndipo mantha a Mainess sankachedwa kusanduka mkwiyo. Malungo anati palibe. Thupi linali litazizira. Nanga magazi awa akuchokera kuti, masiku asanakwane? Yankho linamubwerera lokha, lija anakula akulimva kwa azakhali ake. Muno m'tauni amati nchila, kwawo ankati mapinga. Amati mwamuna akagona ndi mkazi wina pamene wake ali ndi pakati, njira ya mwana imatsekeka, ndipo mayi akhoza kufa pokhapokha mwamunayo aulule dzina la mkaziyo. Mainess anakumbukira lole, misewu yaitali, malo ogona madalaivala, ndi matenda aja Fabian anabwera nawo. Kwa iye mlandu unali utatha kale.

Takisi itaima panja pa bwalo, Fabian anapeza Mainess ataima pakhomo, manja atagwira mafelemu uku ndi uku.

"Ba mulamu, patukani, motoka yabwela."

"Sachoka muno mpaka mukambe."

"Nikambe chani?"

"Musanipange chitsilu, ba Fabian. Iyi ni nchila. Munagona na ndani ku malole kwanu? Kambani zina, mwana wanga apole."

Fabian anapukusa mutu. "Ine sininachite chili chonse. Mulungu aziba."

"Mulungu musiyeni, ali na vochita vambili. Munabwela muno mudwala, manje mwapatsa mwana wanga. Nikamupeleka ku chipatala musanaulule azafela pa bedi. Kambani."

Mawu a Mainess sankafuna chimkuzamawu. Zitseko zinayamba kutseguka, amayi otsuka mbale anasiya mbale, a m'bwalo loyandikana anasuzumira pampanda. Ena ankagwedeza mitu kuvomereza Mainess, poti nkhani ya nchila aliyense anaimvapo. Dalaivala wa takisi ankaliza hutala. M'nyumba Sophie ankabuula, ndipo nthawi inkapita.

Apa n'pamene anatulukira ba Christine, chidebe cha madzi chili pamutu. Anali mayi wachikulire wa m'bwalo lomwelo, mmodzi wa odzipereka amene kiliniki inawaphunzitsa kuyendera amayi apakati m'makomo. Anatula chidebe, nasuzumira pansi pa mkono wa Mainess, ndipo ataona chitenje chija nkhope yawo inasintha.

"Ba Mainess, chokani pa chitseko. Muzimai wa mimba akayamba kuchoka magazi sitikamba milandu, tithamanga."

"Ivi ni va banja, ba Christine. Imwe simuziba."

"Niziba kuti napelekezako ku manda bazimai bamene banachedwa so. Milandu muzakamba mawa, aliyense azankalapo. Uyu mwana mawa sazankalapo."

"Aulule chabe. Ni chovuta?"

Fabian anayang'ana mkazi wake kudzera pampata wa chitseko. Anayang'ana khamu lija. Kenaka anagwetsa mapewa n'kunena momveka, kuti aliyense amve.

"Chabwino, navomela. Ninagona na mukazi pa boda ya Nakonde."

"Zina?"

"Ketty."

Mayi wina anaomba m'manja kamodzi n'kutembenuka. M'nyumba, Sophie anatembenuzira nkhope yake kukhoma. Mainess anamva ngati wapambana, ngakhale kuti chipambanocho chinali chowawa, ndipo anathamangira kwa mng'ono wake kukaona nchila ikumasuka. Anagwada, nakweza chitenje. Magazi ankatulukabe, mwinanso kuposa poyamba.

Ba Christine anaima pambuyo pake. "Wavomela. Nanga magazi yaleka?"

Kenaka ba Christine anayamba kulamula.

"Gwilani miyendo. Ba Fabian, gwilani ku mutu. Tengani na mankhwala yonse yamene anali kumwa."

Kuchipatala chachikulu anamulandira Sophie mwachangu, kumuika diripi, kutenga magazi, kumvetsera mtima wa mwana. Mainess ndi Fabian anakhala pabenchi imodzi panja, wina kumapeto uku wina uko, osayang'anana. Patapita nthawi anatuluka mzamba wa kuwodi ya amayi, Sisita Mwewa, atagwira kapepala ka mapiritsi apinki aja.

"Anamupatsa ivi ni ndani?"

"Ndine," anatero Mainess, akukonzekera kale kukangana. "Ku kiliniki anatipatsa panado chabe."

"Anachita bwino. Sanakuuzeni kuti mubweleko?"

Mainess anagwedeza mutu kuvomera.

"Pali wina anadwalapo so pa nyumba? Olo anayendako kutali?"

Fabian anafotokoza za ulendo wa ku Dar es Salaam, kutentha thupi, kuwawa kuseri kwa maso ndi kuphwanya kwa mafupa. Mainess analumphira pomwepo. "Mwamva? Ninakamba ine. Ndiye anabweletsa matenda ya bakazi bake."

"Amai, khalani pansi," anatero Sisita Mwewa, ndipo mawu awo sanali oseka. "Adokotala akuganiza kuti ndi dengi. Magazi tawatumiza kuti tikatsimikize. Kuno si matenda ofala, koma oyenda maulendo amabwera nawo. Dengi siichokera kwa akazi a pamsewu. Imayenda ndi udzudzu, wina wake wa mizere yoyera m'miyendo, umene umaluma masana. Udzudzu ukaluma wodwala, pakapita masiku n'kuluma wina, basi wam'patsa. Bambo awa anagona m'nyumba akudwala, udzudzu wa pakhomo panu pomwe unachita zotsalazo."

"Koma Sophie amagona mu neti. Ninamumangila neka."

"Neti ndi yabwino, musaichotse. Koma ndanena kuti uwu umaluma masana, munthu akuchapa kapena akuwaza ndiwo."

"Nanga thupi linazizila. Anali atapola."

"Pamenepo ndi pamene dengi imapha anthu. Kutentha kukatsika, ena amachira, koma ena ndiye matenda amalowa poopsa. Madzi a m'mitsempha amayamba kuchucha m'kati mwa thupi, ndipo tinthu timene timathandiza magazi kuundana timachepa. Munthu amamva m'mimba kuwawa kwambiri, amasanza, manja amazizira, magazi amatuluka m'nkhama kapena m'mphuno. Izi ndi zimene nesi uja ankafuna kukuuzani. Ndiye mapiritsi awa, bulufeni, asipirini ndi ena otere, amachititsa kuti magazi avute kwambiri kuleka. Kwa mayi wapakati ndi oipa kawiri."

Sisita anaika kapepala kaja m'manja mwa Mainess.

"Ndikuuzeni zoona, kuti musadzati sitinanene," anapitiriza Sisita. "Dengi ikagwira mayi wapakati, mwana akhoza kubadwa masiku asanakwane, akhoza kubadwa wochepa thupi, nthawi zina amafera m'mimba. Mayi akhoza kutaya magazi ambiri pobereka. Matenda a kubereka amuyamba kale, ndipo sitingawaletse. Mukanachedwa pang'ono tikanakamba zina. Magazi tim'patsa a m'nkhokwe yathu, koma ndi ochepa. Amene ali bwino akapereke kuti tibwezeretse. Inu bambo ayi, mwangodwala kumene."

Mainess anakapereka magazi. Pobwera, thonje lili pamkono, anakhala pabenchi paja, koma tsopano pafupi ndi mlamu wake.

"Uja Ketty..."

"Kulibe Ketty," anatero Fabian, maso ali kutsogolo. "Munali pa chitseko, mukazi wanga anali kusila magazi. Mukanafuna mazina khumi sembe ninakupatsani khumi."

Mainess anali atakangana ndi anthu ambiri pa moyo wake, makansala, makondakitala, eni nyumba, ndipo sanasowepo choyankha. Apa panalibe wokangana naye. Mkwiyo uja unalipobe, wodzaza chifuwa, koma unalibenso kolowera. Unabwerera kwa mwini wake, ndipo unamuwawa kuposa mmene unkawawira ena.

Madzulo dzuwa lisanalowe Sophie anabereka mwana wamkazi, wamng'ono kwambiri, amene analira mofooka. Magazi anavuta kuleka. Anamwino anathamangathamanga, matumba a magazi akulowa, ndipo Mainess anagwada pakhonde n'kupemphera mokalipa, ngati akukangana ndi Mulungu yemwe. Sisita Mwewa atatuluka anali atatopa, koma anagwedeza mutu kuti zatheka. Mayi anali moyo. Mwana anamuika m'kabokosi kofunditsa ana obadwa masiku asanakwane.

Zotsatira za magazi zitabwera zinatsimikiza kuti inali dengi. Sisita anachenjeza kuti mayi akadwala pafupi ndi nthawi yobereka, matenda akhoza kupita kwa mwana, ndipo saonekera tsiku lomwelo. N'chifukwa chake sanawatulutse msanga. Zinachitikadi. Patapita masiku angapo kamwana kanatentha thupi, kanatuluka timadontho tofiira pakhungu n'kuyamba kuyamwa mwaulesi. Popeza kanali m'manja mwa anamwino, anakaona msanga. Ankakapima magazi tsiku ndi tsiku, Sophie akufinya mkaka wake kuti azikamwetsa ndi kakapu. Pang'ono ndi pang'ono kanayamba kukoka bere ndi mphamvu.

Koma panali bala lina limene diripi sikanalipoletsa. Sophie ankakana kuonana ndi mwamuna wake. Fabian akabwera ndi chakudya nthawi yoona odwala, iye ankatembenukira kukhoma, ndipo Fabian ankasiya kontena patebulo n'kubwerera. Kukomboni nako nkhani inali itawanda. Amayi pakiyosiki ankaloza Fabian ndi milomo, ndipo kutchalitchi anamuuza kuti ayambe wapuma kuimba kwaya. Mwana analibe dzina, chifukwa Sophie anati munthu wa Ketty sangatchule mwana wake.

Mainess anapita kuwodi yekha, nakhala m'mphepete mwa bedi.

"Sophie, kulibe Ketty. Mulamu ananama kuti nichoke pa chitseko. Wamene anafuna kukupaya ndine, na mapilisi yanga na kamwa yanga."

"Ananama pamenso pa bantu bonse?"

"Pamenso pa bantu bonse. Anasankha nsoni kuti iwe unkale moyo."

Sophie analira nthawi yaitali. Kenaka anati, "Ba sisi, munanilela, sininakuyankhenipo. Koma ivi munakambila pa bwalo. Simungavisilizile muno mu wodi."

Loweruka lotsatira ba Christine anabwera m'bwalo ndi bambo wina wa zaumoyo wochokera kukiliniki, Bambo Mukuka. Anaitana anthu onse a m'bwalomo ndi oyandikana nawo. Bambo Mukuka sanayambe ndi kulankhula. Anapita pa dramu lalikulu la buluu limene linali pakati pa chitseko cha Mainess ndi cha Sophie, natunga madzi m'botolo loonekera, n'kulikweza m'mwamba. M'madzi oyera bwinowo munali timphutsi tambirimbiri tikuvinavina.

"Dramu ili ndi la ndani?"

"Ni langa," anatero Mainess. "Manje tichite bwanji? Madzi yabwela kamozi pa sabata. Tisatunge?"

"Tungani, amai, palibe amene akuletsa. Koma vundikirani kuti udzudzu usapeze polowa, ngakhale ndi chitenje chomanga bwino ndi mphira. Sabata iliyonse madzi akatha, kwechani m'kati ndi burashi, chifukwa mazira amamatirira m'mbali. Udzudzu uwu sufuna madzi a m'ngalande. Umafuna oyera, odekha, a pakhomo pomwe."

Kenaka analoza padenga. Monga nyumba zambiri za mu George, malata ake anali opanikizidwa ndi miyala ndi matayala akale kuti mphepo isawasasule. Fabian anakwera n'kupendeketsa tayala limodzi, ndipo madzi a mvula anakhuthukira pansi, timphutsi tomwe tija tikuphiriphitha m'fumbi. Anthu amene anaima pafupi anabwerera m'mbuyo. Mwini nyumba, amene anabwera kudzaonerera, anayamba kudandaula kuti matayala akachoka denga liuluka, ndipo misomali yakwera mtengo.

Apa Mainess anapeza pogwetsera mkwiyo wake, ndipo ulendo uno unagwera poyenera. "Lendi mumakweza mwezi na mwezi, misomali ndiye yakuvutani? Mwana wa mufana wanga ali mu kabokosi ku chipatala. Matayala aya yazaboolewa lelo, olo yaseluke."

Bambo Mukuka anati kuboola n'kokwanira, bola madzi asamaime. Fabian anatenga chitsulo chosongoka n'kuyamba kuboola tayala lililonse, amuna ena akumuthandiza. Amayi anatola zitini, mabotolo osweka ndi mabeseni otha amene anali mbwee kuseri kwa zimbudzi. Ba Christine ankauza amayi apakati kuti masana azivala zofika m'mikono ndi m'miyendo, ndipo akafuna kugona masana azilowa m'neti. Anawonjezera kuti aliyense wotentha thupi, makamaka wochokera ku ulendo, azigona m'neti usana womwe, kuti udzudzu usatenge matenda kwa iye n'kupatsa ena.

Ntchito itatha anthu anayamba kubalalika, koma Mainess anawaimitsa.

"Musayende. Tsiku lija munabwela bambili kumvela, na lelo mumvele."

Anadikira Fabian atsike padenga. Kenaka Mainess, amene sanagwadirepo munthu mu George, anagwada pafumbi pamaso pa mlamu wake.

"Bantu imwe, kulibe Ketty. Uyu mwamuna ananama ndaba ine ninatseka chitseko mukazi wake ali kuchoka magazi. Matenda yanachokela mu dramu langa na pa mutenge apa. Mapilisi yamene yanachulukitsa magazi ninagula ndine. Ba nesi banafuna kuniuza, ninabadula mau. Ba mulamu, nikhululukileni. Ndipo imwe bamene mumamusonta na milomo pa kiyosiki, kuyambila lelo muzisonta ine."

Mayi wina kumbuyo anang'ung'udza kuti komabe nchila iliko. Ba Christine anamutembenukira. "Olo mwamuna achite uhule wa bwanji, uyo ni mulandu wa pa nyumba, muzakamba. Koma kuulula sikuleketsa magazi. Tinaona tonse na menso yathu."

Fabian anagwira Mainess pamkono n'kumudzutsa. "Imani, ba mulamu. Imwe ndimwe amai bake Sophie. Vasila." Sananene zambiri, monga mwa khalidwe lake, ndipo ulendo uno Mainess sanaone cholakwika pa kufatsa kwakeko.

Tsiku lotuluka m'chipatala, Sisita Mwewa anawauza kuti mwana akatentha thupi, akaleka kuyamwa kapena akatuluka magazi paliponse, abwere naye nthawi yomweyo, ndipo Sophie apitirize kuyamwitsa. Mainess anamvetsera mpaka kumapeto, nafunsanso kuti abwereze pamene sanamve bwino. Fabian anali ataima patali pang'ono ndi chikwama cha zovala, osadziwa ngati akuloledwa kuyandikira. Sophie anamuyang'ana, nayenda pang'onopang'ono mpaka pamene anaima, n'kumuika mwana m'manja.

"Mwana alibe zina," anatero. "Atate bake ndiye bapase."

Fabian anayang'ana kankhope kaja nthawi yaitali. "Ni Mukupa," anatero. Linali dzina la mayi ake.

Mukupa lero akuyenda, ndipo amagwira chilichonse chimene wapeza patebulo la tomato la Mainess. Mainess mtima wapachala sunamuchoke. Akaona dramu losavundikira amakalipa mpaka mwini wake atuluke, ndipo akamva kuti mayi wapakati watentha thupi amasiya malonda n'kukamuperekeza yekha kukiliniki.

Uthenga wake ndi womwe tikukupatsani inu. Mayi wapakati akatentha thupi, apite kuchipatala tsiku lomwelo, ndipo akauzidwa kuti malungo palibe, asaganize kuti matenda palibe. Mverani malangizo mpaka kumapeto, ndipo bwererani tsiku limene mwauzidwa. Musam'patse bulufeni, asipirini kapena mankhwala ogula mwachisawawa. Kuzizira kwa thupi sikutanthauza kuti wachira. Akayamba kumva m'mimba kuwawa kwambiri, kusanza, kuzizira manja, kutuluka magazi, kapena mwana akachepetsa kusuntha, thamangani naye. Vundikirani madramu, boolani matayala, tayani zitini zosunga madzi. Ndipo ngati pali mlandu m'banja, udikire. Mlandu mudzaupeza mukabwerako kuchipatala, koma mayi ndi mwana mukawachedwetsa pakhomo simudzawapezanso.